Ndi Uja, Atate

Ine pakamwa Mulungu anandipatsa mosaumira. Ndinalankhulapo ndi asilikali a pamalire atatseka kale geti, mpaka anatsegula n'kundipatsanso tiyi. Ndinagulapo lole kwa munthu amene chinenero chake sindinkamva ngakhale liwu limodzi, iyenso changa osamva, koma mtengo anatsitsa. Ndagona m'maiko amene madzi amaundana m'mipope, ndi ena amene dzuwa limasungunula tara mpaka nsapato kumata pamsewu. Ndinayamba ndi mapewa awiriwa, kunyamula matumba a anthu pa depoti. Lero malole anga akamadutsa, mawindo a nyumba amanjenjemera.

Zonsezo n'zoona, koma si zimene ndimanyadira kwambiri. Chimene ndimanyadira n'chakuti palibe mwamuna wa msinkhu wanga amene amagwada m'mawa mokhulupirika ngati ine. Abusa akafuna kukwiya akwiye. Iwo anaphunzira kusukulu ya ubusa. Ine ndinaphunzira m'nyumba imene munkamveka mawu mwini wake ali chete.

Musaganize kuti kale sindinkatha kupemphera. Pa maukwati ndi pa misonkhano ya amalonda ankapempha ine. Ndikaimirira n'kukokera jekete, ndinkamutchula Mulungu maina onse, kuyambira kumapiri mpaka pansi pa nyanja, anthu n'kuiwala kuti ndi pemphero, ena mpaka kuomba m'manja. Koma panyumba kupemphera inali dipatimenti ya mkazi wanga. Ine yanga inali ya mafuta ndi matayala.

Pafupi ndi chipinda chathu chogona pali kachipinda kositira zovala. Khoma lake ndi lopyapyala. M'mawa uliwonse, kunja kukadali mbuu, mkazi wanga ankadzuka mwakachetechete, n'kulowa m'kachipindamo, n'kugwada pa bulangete lakale lopindidwa. Ine mawu ake ndinkawamva ndili pakati pa tulo, monga mmene munthu amamvera firiji ikulira. Chiyambi chake sichinkasintha: "Atate, tadzuka." Kenaka ana, kuyambira wamkulu mpaka chitsirizira. Kenaka zidzukulu, mkulu wake, madalaivala anga mmodzimmodzi, mlonda wa pageti, odwala a kutchalitchi. Kenaka ine: "Abambo a m'nyumba muno, muwayendetse bwino pamsewu, muwabweze ndi miyendo yawo." Apa ndinkamwetulira m'bulangete, poti munthu ukamatchulidwa mwaulemu ngakhale kumwamba, zimakoma.

Akatero ankakhala kaye chete. Kenaka mawu ankatsika, ngati akunong'oneza munthu pamaliro.

"Ndi uja, Atate. Inu mukumudziwa. Musamutaye."

Ameni, kenaka phokoso la ketulo.

Sindinafunsepo kuti uja ndani. Ndinkati mwina ndi mayi wina wa kutchalitchi amene banja likumuvuta. Azimayi amasungirana zinsinsi.

Tsiku limene mkazi wanga anagwa ine ndinali kudoko, ndikukangana ndi anthu za kontena ya masipeya. Anamupeza pakhonde la m'kati, malaya anga osita ali mbwee pansi. Kuchipatala dokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inali itafa, mawunso atapita. Linatsala liwu limodzi lokha. Ukamufunsa ngati akumva kuwawa, "uja." Ukamuonetsa mdzukulu, "uja."

"Zimachitika, bambo," anatero dokotala. "Zili ngati munthu wothawa moto, amangotola chimene chinali pafupi. Musalifunire tanthauzo liwu limeneli."

Mkazi wanga ndinamutengera kunyumba. Ndinagula bedi lopukusa, njinga ya odwala, matiresi a mphepo, zonse zapamwamba. Mkulu wake, mlamu wanga, anabwera kudzakhala nafe. Ndi mayi wamasiye, telala wopuma, wa lilime ngati sizasi yake. Chikwatirireni ine m'banja mwawo sananditchulepo bwana. Amanditcha a Pasipoti, poti ndimakhalira maulendo.

Vuto linali chakudya. M'mawa uliwonse, pa nthawi yake ija, mkazi wanga ankatsegula maso n'kuyang'ana khoma la kachipinda kaja. Milomo inkalimbana, khosi likukoka, "uja... uja," kenaka ankatseka pakamwa, tsiku lonse osatsegulanso. Supuni ikafika, mano gwa.

"Mwina msuziwu wachepa mchere," ndinatero tsiku lina.

"Mchere!" anatero mlamu. "A Pasipoti, mwazungulira dziko lonse koma m'nyumba mwanu ndinu mlendo. Mng'ono wangayu chiyambire utsikana wake saika kanthu m'kamwa asanapemphere. Pemphero lamukakamira pakhosi. Chakudya chidutsira pati?"

Ndinati ngati vuto ndi limenelo, ndi laling'ono. Ndinatumiza galimoto kukatenga abusa. Anabwera m'mamawa, anapemphera bwino kwambiri, koma wodwala anatembenuzira nkhope kumbali. Ndinaitana amayi a kutchalitchi, anaimba mpaka mlonda analira pageti. Pakamwa osatseguka. Ndinagula wailesi yatsopano n'kuitchera pa siteshoni ya maulaliki. Anaikankha ndi dzanja lamanzere, inagwa n'kusweka. Mkazi amene pa moyo wake sanaswepo ngakhale kapu.

Mikono yake inayamba kuonda. Mphete inayamba kuzungulira pa chala.

Ndiye m'mawa wina ndinadzidzimuka kunja kukadali mbuu. Ndinkagona pa bedi lathu lakale, iye pa lopukusa lija pambali panga. Ndinamuona bwinobwino: maso otsegula, milomo yotseka. Ndipo kuseri kwa khoma ndinamva:

"Atate, tadzuka."

Anali mawu ake. Athanzi, osakokakoka, ndi kachifuwa kake kaja ka m'mawa. Mawuwo anatchula ana, zidzukulu, madalaivala, ngakhale mmodzi amene ndinali nditamuchotsa ntchito. Anatchula abambo a m'nyumba muno. Kenaka chete uja. Ndinadikira kuti atsike n'kunena zotsalazo. Sanatsike. Pemphero linangoima pamenepo ngati lole yothera mafuta pamtunda.

Ndinadzuka n'kukatsegula kachipinda kaja. Munali thabwa lositirapo, ayironi yozizira, malaya anga pa mahang'ala ngati anthu opanda mitu. Pansi panali bulangete lija, lili ndi maenje awiri a mawondo. Ndinaligwira. Linali lozizira.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

"Alamu," ndinafunsa tili m'khitchini, "m'mawa simumamva kanthu?"

"Ndimamva mkonono wanu. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa. Mwina mipope."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta mbale imodzimodziyo.

"Mipope ikamaitana munthu, a Pasipoti, munthuyo amayankha. Satuma mlonda."

Ine ndinagonapo m'lole pakati pa nkhalango ya achifwamba, chitsulo chili m'manja, osaopa. Koma khoma la m'nyumba mwanga lomwe linandithamangitsa. Ndinapeka ulendo. Ndinati pali kasitomala wamkulu amene akufuna ine ndemwe, ndinakwera ndege, ndinalowa mu hotela ya nsanjika zambiri, kumene makoma ndi okhuthala moti mnzako angafe iwe osamva. Ndinagona tulo tabwino. M'mamawa, kuseri kwa khoma la kubafa:

"Atate, tadzuka."

Anafika pa abambo a m'nyumba muno, n'kuima. M'chipinda chachilendocho chete ameneyo anandikhala pachifuwa ngati thumba la simenti. Ndinabwerera tsiku lomwelo, kasitomala osamuona, poti kunalibe.

Choncho ndinagwada. Ndinatenga bulangete lija n'kuliyala pambali pa bedi lake. Mawondo anga sanakwane m'maenje mwake. Ndinakonza pakhosi n'kuyamba monga ndinkachitira pa maukwati: Inu wamphamvu zonse, Inu amene munayala thambo ngati tenti, Inu amene...

Ngo! Ngo! Ngo! Mphete yake pa chitsulo cha bedi.

Mlamu anasuzumira pakhomo atafunda nsalu kumutu.

"Kodi muli pa kampeni? Mulungu si bwana wa pamalire, alamu, kuti mumugonjetse ndi pakamwa."

"Ndiye ndizitani? Anthu amandiombera m'manja ine."

"Ameneyu waomba?"

M'mawa wotsatira ndinagwada osatsegula pakamwa. Ndinadikira. Mawu aja atayamba kuseri kwa khoma, ndinawatsatira ngati mwana wa sukulu. Iwo, "Atate, tadzuka." Ine, "Atate, tadzuka." Lilime langa linkalemera, poti mawu ang'onoang'ono chonchi sindinawazolowere. Nditatchula mwana wathu woyamba, dzanja lamanzere la mkazi wanga linafufuza pa bulangete n'kugwira mkono wanga. Dzina lililonse, ankafinya. Pa madalaivala, ankafinya. Ndinadzitchula ndekha abambo a m'nyumba muno, manyazi akundigwira, iye anafinya.

Khoma linakhala chete. Ndinamaliza ndekha mwachangu: "Ndi uja, Atate. Inu mukumudziwa. Musamutaye. Ameni."

Sanafinye. Anagwedeza mkono wanga uku ndi uku, nkhope itakwinyika mbali imodzi. Ndinamva chimene ankatanthauza, poti ndine munthu wa katundu: sungapereke phukusi usakudziwa mwini wake. Mulungu ankamudziwa uja, iyenso ankamudziwa, koma wonyamula uthengane ndinkangotchula mphepo.

Komabe tsiku limenelo anamwa tiyi pang'ono, ndi msuzi wongonyowetsa lilime. Zokwanira kuti asafe msanga, zosakwanira kuti akhale moyo.

Ndinayamba kusaka uja. Ine ndikafuna chinthu ndimachipeza, ndinapezapo giyabokosi ya lole imene fakitale yake inatsekedwa kalekale. M'mawa uliwonse ndinkabwera ndi dzina latsopano. Ndinayamba ndi khanda lathu limene tinaika m'manda lisanayambe n'kuseka komwe. Misozi inatsika m'diso lake lamanzere, ndipo inenso ndinapukuta m'maso, poti mwana ameneyo ndinali ndisanamutchulepo chimuikireni. Koma anagwedeza mkono. Si iyeyo. Ndinayesa mchimwene wake chidakwa. Ayi. Ndinayesa dalaivala wanga amene ali kundende. Ayi. Mnzake wa pamsika amene anayambana naye. Ayi. Aliyense amene ndamutchula kamodzi sindinkathanso kumusiya, moti pemphero linkatalika, mawondo n'kumatupa.

Za ine ndemwe sindinaganizeko n'komwe. Ine malo anga ndinali nawo kale m'pempheromo. Komanso mkazi wanga sananditchulepo ngati kamwana. Ine ndinali abambo, ndinali awo, ndinali aja. Uja ndi liwu la munthu wamng'ono, wopanda jekete.

Kenaka satana anandinong'oneza. Ndisanamufunsire mkazi wanga, kunali mphunzitsi wina wa njinga yonyezimira amene makolo ake ankamufuna kwambiri.

"Alamu, mphunzitsi uja ali moyo?"

"Uti?"

"Wa njinga uja. Wa mpata m'mano."

Mlamu anaika singano pansi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Kalanga ine! Nsanje pa ukalamba? Munthu ali gone chonchi mukuopa kuti athawa pa njinga?"

"Ndangofunsa. Nanga inu mukumudziwa uja?"

"Ma uja ndi ambiri padziko, a Pasipoti. Ine m'mapemphero a mng'ono wanga sindinkalowamo. Amene munkagona kuseri kwa khoma ndinu."

Mawa lake ndinamupempherera mphunzitsiyo, mano nditakukuta. Ndinati Atate, ngati ali moyo mumudalitse, ngakhale pang'ono. Mkazi wanga sanagwedeze n'komwe mkono. Anangondiyang'ana ndi diso limene ankandiyang'ana nalo ndikalowa ndi nsapato zamatope pa kapeti.

"Mpaka kupempherera mdani," anatero mlamu pa tiyi. "Mwatembenukadi."

Chodabwitsa n'chakuti ndinayamba kudzuka ndekha mawu aja asanayambe. Thupi linazolowera. Ndinkasamba kumaso, kuyala bulangete, kutsegula Baibulo lake n'kuwerenga pang'ono mokweza, chala chili pamzere, kenaka n'kudikira khoma. Mantha sanathe. Munthu suzolowera kumva mkazi wako mbali ziwiri, kwina akulankhula, kwina akukuyang'ana. Koma ndinayamba kuopa china choposa: kuti mawu a kukhomawo ndiye mkazi wanga weniweni, akutuluka m'thupi pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene adzamalize pemphero okha, pabedi padzatsala chikopa.

Dokotala anabwera kudzamuona. Anakweza mkono wake, anatsina khungu, khungulo linaima osabwerera.

"Bambo, tayesa. Mawa mubwere naye, timuike paipi ya m'mphuno. Koma ndikuuzeni zoona, munthu amene wasiya yekha kudya, paipi imangomuchedwetsa."

Ndinamuuza kuti ndikhoza kumutengera kunja, kwa madokotala amene amasintha mitima ngati matayala. Anangondigwira paphewa.

Mawa lake m'mawa ndinagwada monga mwa masiku onse. Ndinadikira. Kunja mbalame zinayamba. Galimoto yoyamba inadutsa pamsewu. Khoma linali zii.

Ndinadikirabe. Ndinafika pogogoda khomalo ndi chala, ine munthu wamkulu, ngati ndikuodira pakhomo pa eni. Palibe anayankha. Mawu amene ndinawathawa mpaka kukwera ndege, tsopano ndikanapereka malole onse kuti ndiwamvenso. Ndinayang'ana pabedi. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika pang'ono kwambiri. Maso anali pa ine.

Ndinayamba ndekha. "Atate, tadzuka." Ana. Zidzukulu. Khanda lathu. Mlamu. Madalaivala, wa kundende yemwe. Mlonda. Chidakwa. Mphunzitsi. Kufinya kwake kunali kofooka ngati kwa mwana wakhanda. Abambo a m'nyumba muno. Ndipo ndinafika pamalo paja, m'thumba mulibe dzina lina.

Pakamwa pamene panatsegula mageti a maiko panauma gwa. Ndinakhala choncho, chipumi chili pa chitsulo chozizira cha bedi. Zimene zinatuluka pambuyo pake sindinazikonze, ndipo mawu ake sanali a pa maukwati. Anali aang'ono, onjenjemera, amene ndinawasiya pa depoti kalekale.

"Atate, ine ndikuopa. Sindikumudziwa uja, ndalephera. Sindidziwa kukhala m'nyumba muno popanda ameneyu. Ine chiyambire ndimaopa. Ndimaopa kuti tsiku lina adzabwera munthu n'kunena kuti iwe, bwerera ukanyamule matumba. Ndimalankhula kwambiri kuti asandione. Ndilibe kwina kopita. Musanditaye."

Dzanja linasiya mkono wanga. Ndinati basi, wapita. Koma linakwera pang'onopang'ono, paphewa, pakhosi, mpaka pankhongo, n'kugwira pamenepo zolimba.

"Uja," anatero.

Sanalimbane nalo liwulo. Linatuluka lofewa, monga amanenera munthu akapeza chinthu chimene chinagwera kuseri kwa kabati zaka zapitazo.

Pakhomo china chake chinalira pa thireyi. Mlamu anali ataima pamenepo ndi tiyi ndi msuzi, sindikudziwa kuyambira liti. Anakhala pampando, thireyi ili pamiyendo.

"Mayo ine," anatero pomaliza. "Ndine chitsiru. Liwu limeneli ndinaliyambitsa ndine."

Ndinapukuta kumaso ndi pijama. "Mukuti chiyani, alamu?"

"Bambo athu analetsa dzina lanu m'nyumba. Anati aliyense wotchula wonyamula matumba uja akagone kunja. Ndiye mukabwera n'kuima kuseri kwa mpanda, ndi malaya anu amodzi aja ochapa usiku n'kuvala m'mawa, ine ndinkalowa kukhitchini n'kumunong'oneza mwanayu kuti, uja wabwera. Mukunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa."

"Sindinkanjenjemera ine."

"Munkanjenjemera, a Pasipoti. Mpanda wonse unkagwedezeka. Ife tinkati kukubwera mphepo."

Pabedi panamveka kaphokoso. Tinatembenuka tonse ndi mantha. Mbali yamoyo ya pakamwa pake inali itakwera m'mwamba. Ankaseka.

Mlamu anatunga msuzi n'kufikitsa supuni. Mkazi wanga anatseka pakamwa, diso lili pa ine.

"Nanga tsopano chiyaninso?" ndinatero.

"Ameni, bambo inu! Pemphero mwalisiya lotsegula ngati geti."

"Ameni," ndinatero.

Anatsegula pakamwa. Anamaliza mbale yonse, ndipo tiyi atazizira mlamu anakatenthetsanso. Kuchipatala tinapitabe, koma paipi inabwerera m'kabati mwawo.

Mawu a mkazi wanga sanabwerere mpaka lero. Amadya, amakhala pakhonde pa njinga yake, amaloza ndi dzanja lamanzere pamene wantchito sanasese bwino. Bulangete lija tsopano lili ndi maenje anayi, awiri aang'ono, awiri ngati a njovu. Ndikakhala pa ulendo ndimalinyamula m'sutikesi, ndipo asilikali a pamalire akalitulutsa n'kufunsa kuti bwana wamkulu ngati inu chisanza ichi n'chachiyani, ndimawauza kuti chimenecho ndiye injini ya kampani.

Kachipinda kositira kaja sindikonda kulowamo ndekha. Khoma silinalankhulenso, koma chete wake si wa chipinda chopanda munthu. Ndi chete wa munthu amene akumvetsera ngati utchule onse.

Ine ndine wamalonda, ngongole ndimaidziwa ndikaiona. M'mawa wotsatira tsiku lija, nditatchula onse, ndinakhala kaye chete monga ankachitira iye. Kenaka ndinatsitsa mawu.

"Ndi uja, Atate. Amene ankatulukira kumpanda atanyamula ndowa yopanda kanthu, kunamizira kukatunga madzi. Inu mukumudziwa. Musamutaye."

Anandifinya mpaka chikhadabo kulowa. Pa mawu onse amene anandikongoza kuseri kwa khoma lija ine ndili m'tulo, tsiku limenelo ndinabweza limodzi.